Mwini Mpando Ndani? Za Kukhalitsa pa Udindo m'Boma la Salima

Funso lakuti kodi n'koyenera kuti munthu mmodzi akhalitse pa udindo wotumikira anthu limamveka ngati la ndale chabe, koma mizu yake ili m'chipembedzo ndi m'kaganizidwe ka anthu pa za gwero la ulamuliro, pakuti aliyense woliyankha amakhala atagamula kale mumtima mwake ngati mpando uli chuma cha amene wakhalapo kapena uli chinthu chimene eni ake amusungitsa kwa kanthawi. M'Malawi funsoli lafunsidwa mokweza pa za mtsogoleri wa dziko, makamaka chifukwa cha Dr Hastings Kamuzu Banda amene anapatsidwa utsogoleri wa moyo wake wonse mu 1971, komanso chifukwa cha mkangano wa mu 2002, pamene Nyumba ya Malamulo inakana kuchotsa malire a maulendo awiri amene akanalola Bakili Muluzi kuimanso. Silifunsidwa kawirikawiri pa za khansala, amene ndi munthu wosankhidwa ndi anthu a wodi, kapena kuti kachigawo kakang'ono ka boma, kuti akawayankhulire ku khonsolo, chonsecho iyeyu ndiye wandale amene amagona pafupi ndi mjigo wowonongeka, msika wopanda zimbudzi ndi mlatho umene madzi anakokolola. Malamulo saika malire pa maulendo amene khansala angasankhidwe, motero n'zotheka kuti munthu akalambire pa mpando wa wodi yake. Boma la Salima, kumene ulamuliro wa mfumu, wa voti ndi wa chipembedzo umakumana pa gombe limodzi, ndi malo abwino oyeserapo ngati kukalamba koteroko kuli dalitso kapena tsoka.

Chimene wofufuza nkhaniyi amayamba kukumana nacho n'chakuti khansala wokhalitsa ndi munthu wosowa m'Malawi, ndipo kusowa kwakeko kunabadwa m'mbiri ya makhonsolo eni akewo. Atsamunda anayamba ndi kulamulira kudzera mwa mafumu, monga mwa lamulo la mu 1933 limene linapatsa mafumu aakulu mphamvu zokhazikitsa malamulo ang'onoang'ono m'madera awo, ndipo makhonsolo a maboma anadzabwera ndi lamulo la mu 1953. Dziko litalandira ufulu mu 1964 makhonsolowo anapita nafooka, popeza ntchito zawo zambiri zinatengedwa ndi maunduna a ku likulu, ndiponso khansala ankayenera kukhala munthu wa chipani cha Malawi Congress asanakhale munthu wa mudzi wake. Boma limene linalowa mu 1994 linathetsa makhonsolo akalewo mu 1995, kenaka mu 1998 linakhazikitsa lamulo latsopano la makhonsolo pamodzi ndi ndondomeko yotula ntchito za ku likulu m'manja mwa maboma, imene anthu anaizolowera ndi mawu akuti mphamvu ku anthu. Chisankho choyamba chotsatira lamuloli chinachitika mu Novembala 2000, ndipo mwa anthu 100 alionse olembetsa, amene anakavota anali ngati 14 okha. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, chisankho china chinkangosunthidwa chaka ndi chaka mpaka pa 20 Meyi 2014, kutanthauza kuti kwa zaka 9 mipando ya makhansala ku Salima, monganso m'maboma ena onse, inali yopanda munthu.

M'kati mwa zaka zopanda makhansalazo, mu 2010, aphungu anasintha lamulo la makhonsolo m'njira imene inafooketsa udindowu eni ake asanabwerere n'komwe. Anachepetsa mawodi, moti pa chisankho cha 2014 m'dziko lonse munali mawodi 462 okha, anadzipatsa mphamvu yovota m'khonsolo, ndipo wapampando wa khonsolo ya boma, amene makhansala amasankha pakati pawo, anatsala ndi chaka chimodzi chokha pa mpando asanasankhidwe wina. Bwanamkubwa, amene ndiye mkulu wa ogwira ntchito pa khonsolo, amasankhidwa ku likulu ndipo angasamutsidwe asanadziwe njira ya ku Chipoka nthawi ya dzinja. Potero m'chipinda chimene khonsolo ya Salima imakumaniramo, amene akukumbukira zimene zinalonjezedwa zaka 20 zapitazo ndi mafumu aakulu, monga Kalonga, Maganga, Pemba, Ndindi, Khombedza ndi Makanjira, amene lamulo limawalola kukhala nawo pa zokambirana koma osavota. Amene ali ndi voti alibe zaka, ndipo amene ali ndi zaka alibe voti. Wandale wa m'bomali amene anakhalitsadi pa mpando wosankhidwa amapezeka ku Nyumba ya Malamulo, ndipo chitsanzo chodziwika ndi Uladi Mussa, phungu wa zaka zambiri wa kum'mwera kwa Salima, amene anthu anam'patsa dzina lakuti Chenjigolo chifukwa cha kusinthasintha zipani, amene anakhala nduna m'maboma a Bingu wa Mutharika ndi Joyce Banda, nagamulidwa kukhala kundende mu 2020 pa mlandu wokhudza ziphaso zoyendera, n'kudzakhululukidwa mu 2023. Moyo wa ndale ngati umenewu uli ndi zonse ziwiri zimene zaka zimaunjika mwa munthu, ndizo kudziwa anthu ndi kukodwa m'zomangamanga za mpando.

Mbali yabwino ya kukhalitsa siyenera kupeputsidwa, ndipo asodzi amaidziwa bwino kuposa ophunzira. Pa usodzi wa chilimira, umene ndi ukonde waukulu wokokedwa ndi mabwato pakati pa nyanja, pamakhala munthu wotchedwa siginala, amene amakhala m'bwato la nyali, nayang'ana kayendedwe ka madzi ndi ka nsomba, n'kulamula nthawi yoponya ukonde. Luso lake siliphunziridwa m'mwezi umodzi, ndipo mwini zipangizo amene angasinthe siginala chaka chilichonse pongofuna kuti aliyense alaweko angathe kubwerera kumtunda ndi bwato lopanda kanthu. Ntchito ya khansala ili ndi mbali yofanana ndi imeneyi. Kuwerenga ndondomeko ya chuma cha khonsolo n'kuzindikira pamene ndalama za msika zikutayikira, kudziwa kuti malire a midzi iwiri anagamulidwa liti ndiponso pamaso pa yani, kusiyanitsa kontirakita amene amamaliza chipinda chophunziriramo ndi amene amathawa atangoika maziko, zonsezi zimafuna zaka, ndipo khansala watsopano amatha theka la nthawi yake akuphunzira zimene alembi a pa khonsolo akuzidziwa kale, nthawi zina akuphunzitsidwa ndi anthu omwewo amene iye anatumidwa kukawalondalonda. Mwambi wakuti akulu ndi m'dambo mozimira moto umanena za munthu wotere, amene mkangano ukafika pa iye umazirala chifukwa anaona mmene mkangano wofanana nawo unathera kale.

Komabe zaka zomwezo zimaunjikanso ngongole, ndipo ngongole ya wandale wa kumudzi ndi yolemera kuposa ya nduna chifukwa omukongoza amawaona tsiku ndi tsiku. Khansala salandira malipiro enieni koma kangachepe ka pamwezi, chikhalirecho pa maliro anthu amayang'ana kwa iye kuti apeze bokosi, galimoto yonyamula thupi kuchokera kuchipatala ndi thumba la ufa wa pasiwa. Ndalama zimenezo zimachokera kwina, kaya kwa wamalonda amene mawa adzafune malo a m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, kaya kwa phungu amene adzafune kuti khansala asafunse zambiri pa za thumba la chitukuko. Lamulo la zipani la mu 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, koma palibe lamulo limene lingaletse munthu kukhuza maliro, ndipo malire a pakati pa chifundo ndi kugula voti amadutsa pasiwa pomwepo. Pakapita zaka 15 za moyo wotere, munthuyo amakhala atamangana ndi mabanja ambiri moti kumuchotsa kumaoneka ngati kudzipweteka, ndiye zimene akuluakulu ankatanthauza ponena kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Choopsa chachikulu sichakuti munthu wotereyo ndi woipa mtima, pakuti kawirikawiri ndi wopatsa ndi wochezeka, koma kuti mosazindikira amayamba kunena kuti mjigo wanga, sukulu yanga ndi anthu anga, ndipo anthu nawo amayamba kumuthokoza chifukwa cha zinthu zogulidwa ndi msonkho wawo womwe.

Chikhalidwe cha Achewa chinalingalira za vutoli kalekale, ndipo yankho lake linali kulekanitsa dzina ndi munthu. Mfumu ikalongedwa imalowa dzina, ndiko kuti imasiya kudziwika ndi dzina lake lobadwa nalo n'kutenga la amene anakhalapo iyo isanabadwe, moti polankhula za mlandu umene unagamulidwa zaka 100 zapitazo ingathe kuyankhula ngati kuti inagamula ndi iyo yomwe. Dzina la Kalonga, la mafumu a Amaravi amene likulu lawo linali ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, kum'mwera kwa Salima, lapyola mibadwo yambiri, ndipo likadalipo m'bomali komanso kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'dziko la Zambia. M'kaganizidwe kameneka chokhalitsa ndi dzina, pamene munthu ndi mlendo m'dzinamo. Ufumu ndi wa mbumba, ndipo amayi a mbumbayo ndiwo amaloza woyenera kulowa, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa mfumu, zimene zimatsekereza mfumu kuti isasandutse mpando kukhala cholowa cha ana ake obereka. Pamwamba pa mbumba pali mizimu ya amene anagona, imene imaonedwa ngati eni nthaka enieni. Mfumu ingalamulire mpaka imfa, koma imalamulira ikudziwa kuti ili pakati pa akufa amene anaisiyira ndi osabadwa amene adzailanda, ndipo mawu akuti mfumu ndi dzala amaikumbutsa kuti ulemu wake ndi wolandira zinyalala za mudzi wonse. Zoti si mfumu iliyonse imakumbukira izi n'zodziwika kwa aliyense amene anamvapo za malo a makolo ogulitsidwa mwamseri m'mbali mwa nyanja.

Pamene kaganizidweka kamaonekera bwino koposa ndi pa chilumba cha Mbenji, chimene chili pakati pa nyanja moyang'anizana ndi doko la Chikombe, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ya ku Salima, imene siyenera kusokonezedwa ndi Makanjira wa ku Mangochi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pamene asodzi ochokera ku Likoma anadzapempha chilolezo chopha utaka pamalopo, ufumu wa derali unakhazikitsa malamulo amene akutsatidwabe mpaka lero. Nyengo ya mvula ikayamba, cha mu Disembala, chilumba chimatsekedwa ndipo msodzi aliyense amachokapo ndi zipangizo zake, osabwereranso mpaka mwambo wotsegulira utachitika cha mu Epulo, pamene akuluakulu amakhala atathira nsembe kwa makolo. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba ndi juga, saloleza akazi, saloleza kupha njoka, ndiponso saloleza maukonde a maso ang'onoang'ono amene amakokolola nsomba zosakhwima. Wophwanya malamulowa amalipitsidwa kapena kupirikitsidwa. Zifukwa zake n'zolukanalukana, pakuti kutsekako kumapatsa nsomba mpata woswana, kumateteza asodzi ku mphenzi ndi namondwe wa dzinja, kumawabweza kuminda nthawi yolima, komanso kumasunga ulemu wa malo amene amaonedwa kuti ndi opatulika. Boma nalo lili ndi nyengo yake yoletsa usodzi wa makoka pa nyanja ya Malawi, ndipo lamulo la zausodzi la mu 1997 linatsegula njira yakuti makomiti a m'madoko azithandiza kuyang'anira nsomba, koma m'madoko ambiri chiletsocho chimalemekezedwa pokhapokha woyang'anira akakhala pafupi, pamene pa Mbenji chatsatidwa kwa zaka pafupifupi 70, ndipo ofufuza a ku Malawi ndi ku Scotland amene anayeza utaka wa pamalopo anapeza kuti ndi wonenepa kuposa wa m'madoko oyandikana nawo.

N'kosavuta kunena kuti Mbenji yatheka chifukwa cha mtsogoleri wokhalitsa, ndipo mbali ina zimenezo n'zoona, popeza lamulo limene limasintha ndi wapampando aliyense silingazike mizu m'mitima ya asodzi. Koma kulingalira kotereku kumaphonya chinthu chimene chili poyera, chakuti mphamvu ya Mbenji ili m'kuchoka. Kamodzi pa chaka chilumba chimatsala chopanda munthu, ndipo mwini zipangizo wolemera amene wapha nsomba pamenepo zaka 30 amapakira katundu wake tsiku limodzi ndi mnyamata amene anafika chaka chomwecho. Palibe amene angamange nyumba yake pa thanthwe n'kunena kuti pano ndi panga chifukwa ndakhalitsapo. Kuchokako ndiko kumalengeza, popanda wolankhula, kuti malowo ali ndi eni ake ena, ndipo kubwerera kwa mu Epulo kumakhala kulandiridwanso, osati kupitiriza chabe. Msodzi angakhale wa pa Mbenji moyo wake wonse, koma amakhala wotero mwa kuloledwa chaka ndi chaka, ndipo kusiyana kwa munthu amene wabwerera maulendo 30 ndi munthu amene sanachokepo zaka 30 n'kwakukulu ngakhale kuti zaka zawo n'zofanana.

Zipembedzo zimene zinafika m'derali pambuyo pake zinabwera ndi mkangano womwewo m'mabuku awo. Akhristu okonda mtendere wa olamulira amathamangira ku mutu 13 wa kalata ya Paulo kwa Aroma, umene umaphunzitsa kuti ulamuliro umachokera kwa Mulungu, koma mutu womwewo umatcha wolamulira mtumiki, ndipo mtumiki amagwira ntchito ya mwini. Chitsanzo chogwira mtima cha mtsogoleri wokhalitsa ndi Samueli, amene anaweruza Aisraeli mpaka imvi, ndipo potsazika, monga mwa mutu 12 wa buku loyamba la dzina lake, anaitana anthu kuti amutsutse poyera ngati analandapo ng'ombe kapena bulu wa munthu, kapena kulandira chiphuphu, anthuwo n'kuvomereza kuti manja ake anali oyera. Chikhalirecho mutu 8 wa buku lomwelo umasonyeza kuti munthu woyera manjayu anaika ana ake, Yoweli ndi Abiya, kukhala oweruza ku Beereseba, ndipo anawo ndiwo ankalandira ziphuphu, mpaka anthu anatopa n'kupempha mfumu. Tchimo la wokhalitsa silikhala nthawi zonse m'thumba mwake, limatha kukhala m'kuganiza kuti udindo umene wausenza nthawi yaitali wasanduka wa pabanja pake.

Mipingo nayo sinagwirizane pa za kutalika kwa udindo, ngakhale mipingo ya chiphunzitso chimodzi. Mpingo wa ku Scotland, kumene kunachokera amishoni a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, unakhazikitsa m'buku lake la malamulo la mu 1578 kuti mkulu wa mpingo akadzozedwa ndi wa moyo wonse, poganiza kuti mphatso imene Mulungu wapereka sichotsedwa ndi kalendala. Mipingo ya ku Holland, pa msonkhano wa ku Dort wa mu 1618 ndi 1619, inagamula kuti akulu a mpingo azitumikira zaka ziwiri, theka la iwo n'kumapuma chaka chilichonse, poopa kuti anthu ochepa angasanduke mafumu a mpingo. Mwambo wachiwiriwu ndiwo unali kumbuyo kwa amishoni a Dutch Reformed amene anafika pa Mvera mu 1889, pa mapiri oyang'ana chigwa cha Salima, amene ntchito yawo inabala sinodi ya Nkhoma, imene inalowa mu CCAP mu 1926. Motero mpingo umodzi wa m'Malawi unalandira mayankho awiri pa funso limodzi, lina loopa kutaya nzeru ndi lina loopa kudzikundikira mphamvu. Mpingo wa Katolika, umene ambiri amauona ngati wa maudindo osatha, umafuna kuti episkopi apereke kalata yopumira akakwanitsa zaka 75, ndipo Papa Benedict XVI anatula pansi udindo wake mu 2013 ali moyo.

Kwa Asilamu, amene ndi ambiri m'midzi ya Ayao ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, mawu ofunika ndi akuti amana, kutanthauza chinthu chimene munthu wasungitsidwa ndipo ayenera kuchibweza kwa mwini wake chili bwino. Ndime 58 ya sura yachinayi ya Qur'an imalamula kubweza zosungitsidwa kwa eni ake, n'kulumikiza lamulolo ndi kuweruza mwachilungamo pakati pa anthu. M'mahadisi muli nkhani ya Abu Dharr, amene anapempha Mtumiki Muhammad kuti am'patse udindo, koma anakanizidwa pouzidwa kuti udindo ndi amana imene pa tsiku la chiweruzo idzasanduka manyazi kwa amene sanaikwaniritse. Abu Bakr, polandira utsogoleri mu 632, anauza anthu kuti amumvere pokhapokha iye akumvera Mulungu, ndiponso kuti akakhota amuwongole. Chiphunzitsochi sichiwerenga zaka, koma chimaika funso lina pamwamba pa kutalika kwa nthawi, lakuti kodi wosungayo akadali wokonzeka kubweza mwini akabwera, pakuti munthu amene wasunga mbuzi ya mnzake zaka zambiri, naidyetsa, naichiritsa, naiona ikuswa, ndi amene amavutika kwambiri kuitulutsa m'khola tsiku loitenga likafika.

Malamulo aakulu a dziko la Malawi a mu 1994 analankhula chinenero chomwechi m'gawo 12, limene limati mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, kuti ozigwiritsa ntchito amangosungitsidwa, ndiponso kuti ulamuliro wawo umadalira kuti chikhulupiriro cha anthu chipitirire. Poyamba munalinso gawo 64, limene linkalola ovota kuchotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, koma aphungu analifafaniza mu 1995, ndipo kuyambira pamenepo njira yokhayo yoitanitsira chosungitsidwa ndi chisankho. Apa ndi pamene Mbenji imathandiza kumvetsa chimene chisankho chili. Anthu ambiri amachiona ngati mpikisano wofuna kupeza munthu wabwino koposa, ndipo akaona kuti wopambana sali bwino kuposa wogonja amataya mtima n'kusiya kuvota. Koma chisankho chili ndi ntchito ina imene imachitika ngakhale yemweyo atapambananso, ndiyo yotseka chilumba. Khonsolo ikathetsedwa pokonzekera kuvota, mpando umatsala wopanda munthu, ndipo amene anakhalapo amayenda m'midzi ngati wopempha, kuima pamaso pa amayi ogulitsa usipa kuti amufunse za msika umene analonjeza. Aristotle, wanzeru wa ku Greece, ankaona kuti mzika yeniyeni ndi imene imadziwa kulamulira ndi kulamuliridwa mosinthana, ndipo nyengo ya kampeni, ndi zonyansa zake zonse, ndiyo nthawi yokhayo imene wandale wa kumudzi amalawa kulamuliridwa. Poyang'ana motere, khansala amene wasankhidwa maulendo anayi m'zisankho zoona sali m'gulu limodzi ndi wolamulira wa moyo wonse, ndipo kumuletsa kuimanso chifukwa cha zaka zokha kungakhale kulanda ovota ufulu wosunga siginala amene akumudalira.

Fanizoli lili ndi malire ake amene ayenera kuvomerezedwa. Kutseka kwa Mbenji kumagwira ntchito chifukwa palibe msodzi amene angagule chilolezo chotsalira, pamene pa chisankho wokhala pa mpando amalowa m'bwalo atanyamula zaka zonse za mabokosi a maliro, ndipo mpando ungaoneke wopanda munthu pa maso chabe, mwini wake ataumangirira kale chingwe ku mwendo. Komanso ulamuliro wa pa Mbenji, ngakhale wasunga nsomba, sufunsidwa ndi onse amene umawakhudza, pakuti amayi amene amagula, kuyanika ndi kugulitsa utaka womwewo pa doko la Chikombe saloledwa kuponda pa chilumbacho, ndipo chimene chili chopatulika n'chovuta kuchitsutsa pa msonkhano. Khonsolo, ndi kufooka kwake konse, ili ndi chimene chilumba chilibe, ndicho chakuti mayi wogulitsa nsombayo angathe kuvota ndiponso kuima yekha. Chinanso n'chakuti mbiri ya ku Malawi yasonyeza kuti kutseka kopanda kutsegula kumawononga mofanana ndi kusatseka. Zaka za 2005 mpaka 2014 zinali chilumba chotsekedwa chimene mwambo wotsegulira sunabwere, ndipo ntchito imene makhansala anasiya sinadikire, inatoledwa ndi abwanamkubwa, mafumu ndi aphungu, makamaka kudzera m'thumba la chitukuko cha dera la phungu, la CDF, limene linayamba mu 2006, chaka chimodzi makhansala atachoka. Pobwerera mu 2014 makhansala anapeza malo awo oyanikapo ukonde atatengedwa.

Chifukwa cha ichi, mantha a khansala wokhalitsa, ngakhale ali ndi maziko m'malemba ndi m'miyambi, ndi mantha a nthenda imene makhonsolo a m'Malawi sanakhale ndi moyo wokwanira kuti aidwale. Ovota a dziko lino sachedwa kuchotsa munthu, moti pa zisankho zingapo zapitazi aphungu oposa theka sanabwerere ku Nyumba ya Malamulo, ndipo chimene chakhala chosowa ndi mpando umene ungakhalitse wokha mpaka anthu auzolowere monga anazolowera dzina la Kalonga. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, Khothi Lalikulu linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndi kuyendetsa kwawo thumba la CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, chigamulo chimene chinatsegulanso mkangano wakuti mwini chitukuko cha kumudzi ndani. Pa 16 Sepitembala chaka chomwecho anthu anasankha makhansala m'mawodi 509, ndipo aka kanali koyamba chiyambire ndale za zipani zambiri kuti zisankho zitatu za makhansala zitsatizane popanda kudukiza, kuyambira cha 2014, kudzera cha pa 21 Meyi 2019. Khansala amene analowa mu 2014 n'kubwerera pa zisankho ziwiri zotsatirazo adzakhala atatumikira zaka 16 pofika 2030, ndipo mwana wa ku Lifuwu kapena ku Chikombe amene anabadwa chaka chimene iye analowa adzakhala atatsala ndi zaka ziwiri kuti alembetse m'kaundula wa ovota.